Lipoti: zilankhulo zomwe tinalola mu desikitopu yathu ndi zomwe tinazisiya panja

Nkhani iyi inatidyera miyezi ingapo ndipo mpaka pano alipo mnzathu mmodzi mu timu amene sanakhutire kwenikweni ndi mmene tinaimalizira, nde ndati bola ndilembe zonse mmene zinayendera zisanayambe kusokonekera m'mutu.

Ntchito yathu ndi kukonza komanso kusamalira desikitopu imodzi imene imaikidwa pa makompyuta onse a bungwe lomwe timagwirako. Pansi pake pali Debian, mtundu wina wa dongosolo la Linux loyendetsa kompyuta, pamwamba GNOME, imene imaonetsa mawindo ndi mamenyu amene munthu amaona, kenako timaonjezerapo tizipangizo tomwe tinalemba tokha, kolumikizira pulinta, koyang'anira ma apudeti, kolembetsera kompyuta yatsopano, zoterozo. Palinso anthu a m'madipatimenti ena amene amalemba timapulogalamu tawo nkumayembekeza kuti tiyenda pa desikitopu yathuyi. Ifeyo tilipo asanu basi, ndipo awiri mwa ife theka la tsiku limathera pa foni kuthandiza anthu amene kompyuta yawavuta. Asanuwo muwasunge m'mutu poti nkhani yonse ikuzungulira pomwepo.

Ndikamati zilankhulo ndikunena zolembera mapulogalamu. Pulogalamu ya C ikamangidwa imangofuna malaibulale ake basi, tizidutswa tolembedwa kale timene imadalira, nkumayenda. Koma ya Python, ya Java, ya C# kaya ya JavaScript imafuna chinthu china chikhalepo pa kompyutapo choti chiziiyendetsa, chomwe timati runtime. Nde funso linali loti ndi ma runtime ati amene tiziika pa kompyuta iliyonse nkuuza anthu kuti dalirani izi, zikhalapo.

Mmene zinayambira

Debian 13 itatuluka mu Ogasiti 2025 tinayamba kukonzekera kusamuka kuchoka pa 12. Anthu atangomva kuti desikitopu ikumangidwanso mapempho anabwera atatu nthawi imodzi. A ku akaunti anati tiike Java chifukwa kadatabesi kawo ka LibreOffice Base sikatseguka popanda iyo. Dipatimenti ina inati tiike Node.js, runtime ya JavaScript, chifukwa akugwiritsa ntchito pulogalamu ya macheza yomangidwa pa Electron, chida chomangira mapulogalamu a pa desikitopu ndi JavaScript. Lachitatu linachokera mkati mwathu mommuno, mnyamata wathu wina waluso zedi anali atalembanso chipangizo cholembetsera makompyuta mu C#, pa nthawi yake yopuma, ndipo kunena zoona chinali chabwino kuposa chakale chija kutalitali, chachangu, chooneka bwino, chikalephera chimanena bwinobwino chomwe chavuta. Ankafuna .NET, runtime ya C#, ilowe mu desikitopu.

Ineyo poyamba ndinali mbali yoti tingoika zonse. Disiki masiku ano ndi yaikulu, vuto lili pati? Chomwe chinandisintha maganizo ndi kompyuta yoyesera imene tinaikweza koyamba. Itangoyaka, kachipangizo kathu ka pulinta kanakana kutseguka. Ndinakayendetsa pa teminala, nkuona mzere uwu: ModuleNotFoundError: No module named 'imp'. Debian 12 inali ndi Python 3.11, Debian 13 yabwera ndi 3.13, ndipo pakatipa 3.12 inachotsa tizigawo take takale totchedwa imp ndi distutils, kenako 3.13 inachotsanso gulu la zakale monga cgi, crypt, pipes ndi telnetlib. A Python anachenjeza kwa zaka kuti zinthuzi zikupita, ife ndi amene sitinkawerenga machenjezowo. Kathuko tinakakonza tsiku lomwelo, sikanali kovuta. Koma kenako ndinakhala pansi nkudzifunsa kuti nanga tisikiripiti ta m'madipatimenti timene sitinationepo nkomwe, tomwe anthu analemba atamva ife tikunena kuti Python ilipo pa kompyuta iliyonse? Tinakafunsa. Tinapezeka tambiri kuposa mmene tinkaganizira, tina olemba ake anachoka kalekale, ndipo aliyense ankati inu a desikitopu ndi amene mwatiphera pulogalamu. Ndipo sankanama, poti ife ndi amene tinaika Python pamenepo nkuloleza anthu kuimangira nyumba pamwamba osawauza kuti maziko amasuntha.

Sabata imeneyo ndinamvetsa kuti kuika chilankhulo mu desikitopu ndi kulonjeza. Ukuuza munthu amene sumudziwa kuti zaka zisanu zikubwerazi chinthu ichi chikhalapo, chikabooka uzichimata, ndipo chikasintha iweyo ndi amene udzamuyankhe. Walira mvula walira matope.

Tinawerenga kaye zomwe zinalipo kale

Tisanakangane za zatsopano tinati tione zomwe tikusenza. Tinayendetsa apt-cache rdepends --installed pa python3, pa perl-base, pa gjs, nkutsata kuti ndani akukoka chiyani. Perl ilipo chifukwa ku Debian perl-base ndi pakeji yosachotseka. JavaScript ilipo chifukwa GNOME Shell kuyambira GNOME 3 mu 2011 mbali yake yaikulu inalembedwa mu JavaScript, imayendera GJS yomwe mkati mwake muli SpiderMonkey, injini ya Firefox ija. Python ilipo chifukwa zipangizo zambiri za dongosolo zimaifuna. Ngakhale Rust ilimo mwanjira ina, librsvg imene imajambula tizithunzi ta SVG inayamba kusamukira ku Rust mu 2016. Nde tisanaonjezere chilichonse tinali kale ndi zilankhulo zinayi kuphatikiza pa C, anthu asanu.

Apa mayi wina mu timu, amene amayang'anira za chitetezo ndipo wakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali kuposa tonse, anatikumbutsa kuti mkangano uwu si wachilendo. GNOME yeniyeniyo inadutsamo. Mu 2006 GNOME 2.16 inalandira Tomboy, kapulogalamu kolembera manotsi kolembedwa mu C#, ndipo limodzi nako munalowa Mono, runtime ya C# ya pa Linux, ndi laibulale ya Gtk#. Anthu anakangana kwa zaka, ena akuopa ma patenti a Microsoft, ena akudandaula za malo poti nthawi imeneyo dongosolo lonse limayenera kukwana pa CD imodzi ya 700 MB. Mu 2009 Hubert Figuière analembanso Tomboy mu C++ nkuitcha Gnote, Linux ya Fedora inatenga imeneyo, ndipo ina yotchedwa Ubuntu pa vesheni 12.04 inachotsa Tomboy, Banshee ndi Mono yonse pa zomwe zimabwera poika koyamba. Tomboy sikanali koipa, anthu ankakakonda kwambiri. Koma kapulogalamu kamodzi kokoma kanabweretsa katundu yense wa chilankhulo chatsopano, ndipo kumuchotsa kunatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Anatchulanso Apple, imene mu 2019 inalemba pa zolengeza za macOS Catalina kuti Python, Ruby ndi Perl sizidzabweranso zokha m'tsogolo, kenako mu Malichi 2022 macOS 12.3 inachotsadi Python 2.7, zaka ziwiri chithereni moyo wa Python 2 pa 1 Januwale 2020. Kampani yaikulu ngati imeneyo inaisunga mpaka nthawi imeneyo chifukwa anthu anali atamangapo zambiri. Kampani ya Red Hat nayo pa Linux yake ya RHEL 8 inabisa Python ya dongosolo ku /usr/libexec/platform-python kuti anthu asamaidalire. Mayiwo anangoti, ngati akuluakuluwa zinawalemera, ife asanu tili ndi msana wanji.

Madengu atatu

Chomwe chinatithandiza kwambiri ndi kusiya kufunsa kuti chilankhulo ichi chilowe kapena ayi, poti funso limenelo limasakaniza zinthu zosiyana. Tinagawa patatu. Pali chilankhulo chomwe chimafunika pomanga pulogalamu pokha, pa seva yomangira, osafika pa kompyuta ya munthu. Pali chomwe chilipo pa kompyutapo koma ndi cha dongosolo, wina aliyense asachikhudze. Ndiye pali chomwe tikulonjeza poyera kuti lembani mapulogalamu anu ndi ichi, ife tichisamala. Vuto lathu lonse la Python linali loti inali mu dengu lachiwiri koma anthu ankaiyesa ya lachitatu, ndipo ife sitinanenepo kanthu.

Pa chilichonse chofuna kulowa tinkafunsa zinthu zochepa. Kodi Debian imachisamala yokha kapena tikachitenga kwina? Moyo wake ndi wautali ngati wa desikitopu yathu? Ndipo funso lomwe linapweteka, kodi alipo anthu awiri mu timu amene angakonze pulogalamu ya chilankhulo chimenechi usiku, winayo ali pa tchuthi kapena wadwala? Za kukula kwa disiki tinaziika kumapeto, sizinagamule chilichonse.

Node.js sinatitengere nthawi. Pulogalamu ya Electron imabwera itanyamula Chromium ndi Node yakeyake mkati, siifuna ya dongosolo nkomwe, anthuwo anangomva molakwika. Tinaiika kudzera mu Flatpak, njira yoikira pulogalamu payokha limodzi ndi zonse zimene imafuna, nkhani nkutha. Perl nayo tinangoti ikhale pomwe ili, ndi ya Debian, ife sitilembamo zatsopano. Rust tinaiika mu dengu loyamba koma ndi chenjezo, chifukwa ngakhale ilibe runtime malaibulale ake amaphatikizidwa mkati mwa pulogalamu pomanga, nde laibulale imodzi ikapezeka ndi bowo la chitetezo umayenera kumanganso chilichonse chomwe chinaigwiritsa ntchito, ndipo Debian yeniyeniyo imalemba poyera kuti chisamaliro cha chitetezo pa mapakeji a Go ndi Rust chili ndi malire. Pakadali pano amene amaidziwa bwino mwa ife ndi mmodzi, nde zathu zatsopano sitilemba mu Rust mpaka wachiwiri ataiphunzira.

JavaScript sitikanaithawa olo titafuna. Koma tinakana kuilonjeza. Debian 12 inali ndi GNOME 43, Debian 13 ili ndi 48, ndipo pakatipa GNOME 45 inasintha kaitanidwe ka ma module mu GNOME Shell, zomwe kale tinkalemba imports.gi tsopano zikulembedwa import kuchokera ku gi://, moti extension iliyonse yakale, tizipulogalamu toonjezera pa GNOME Shell, inafa. Ife tinali ndi imodzi yoonetsa dzina la kompyuta pa mzere wapamwamba kuti munthu akaimba foni aziliwerenga mosavuta, tinailembanso. Imodzi yokha ndi yotheka. Koma kuuza madipatimenti kuti lembani ma extension anu, ayi, sitingakwanitse kuwathamangira onse nthawi iliyonse GNOME ikasuntha.

Java inali yosavuta kuposa mmene ndinkaopera. A ku akaunti sankanama, Base ikamagwiritsa ntchito datebesi yamkati ya HSQLDB imafunadi Java. Koma ndi makompyuta a ofesi imodzi, si a bungwe lonse. OpenJDK ili mu Debian momwemo, 17 pa Debian 12 ndi 21 pa 13, ma apudeti a chitetezo amabwera ndi njira yomwe timaidziwa kale. Nde tinapanga pakeji yapadera imene imaikidwa pa makompyuta a akaunti okha. Pa ena onse Java kulibe.

Nkhani ya C#

Apa mpomwe panali polira. Mnyamata uja anabwera ku msonkhano atakonzeka, laputopu yotsegula, anationetsa chipangizo chake chikulembetsa kompyuta kuyambira poyamba mpaka pamapeto popanda kukhosomola ndi kamodzi komwe. Palibe amene anatsutsa kuti ndi chabwino. Anati, "Akuluakulu, tangoonani nokha, chakale chija chimatilephera pafupifupi sabata iliyonse, ichi chikugwira, nde mukufuna tibwerere ku chovutacho chifukwa cha dzina la chilankhulo basi?"

Ndinamuyankha kuti nkhani si dzina, achimwene. .NET yamakono mulibe mu Debian, tikanayenera kuonjezera malo otengera mapakeji a Microsoft pa kompyuta iliyonse, kutanthauza kuti gwero lachiwiri lokhala ndi mphamvu zoika chilichonse ngati root, akaunti yokhala ndi ulamuliro wonse pa kompyuta. Mono imene ili mu Debian ndi yakale, si imene iye analembera, ndipo pulojekiti ya Mono inaperekedwa mu 2024 m'manja mwa a Wine, pulojekiti yoyendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux. Kenako pali kalendala. Vesheni ya .NET ya nthawi yaitali imasamalidwa zaka zitatu, .NET 8 imene anagwiritsa ntchito inatuluka mu Novembala 2023 ndipo chisamaliro chake anachiika kuti chithere mu Novembala 2026, pomwe Debian tikaphatikiza ndi LTS, chisamaliro chake choonjezera, timakhala nayo zaka zisanu. Ndiye kuti pakati pa moyo wa desikitopu tikanayenera kusintha runtime pa makompyuta onse, chinthu chomwe tinasankhira Debian kuti tisamachite.

Iye anali ndi yankho labwino. Anati .NET imalola kumanga pulogalamu itanyamula runtime yake mkati, self-contained, osafuna kuika kalikonse pa dongosolo. Zoona ndithu, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti wapambana. Koma mayi aja anamufunsa mofatsa, "Nanga bowo likapezeka mu runtime imeneyo, amanganso ndani? Ndipo inu mukakhala kuti mwagonekedwa m'chipatala, makompyuta atsopano afika akudikira kulembetsedwa, ine nditsegula fayilo iti?" Anakhala chete kaye. Kenako anati angatiphunzitse. Ndikukhulupirira kuti ankanena zochokera pansi pa mtima. Koma tonse tinadziwa kuti pa ntchito yomwe tili nayo palibe amene akanafika pomadziwa C# mokwanira kukonza chinthu choyenda ngati root pa tsiku loyamba la kompyuta, ndipo Flatpak sikanatithandiza apa chifukwa chipangizo chotere chimafuna kufika paliponse mu dongosolo pomwe Flatpak ntchito yake ndi kutsekera pulogalamu m'khola.

Tinagwirizana kuti achilembenso mu Python, ndi GTK, laibulale yojambula mawindo, kudzera mu PyGObject imene imailumikiza ndi Python, kutsatira kapangidwe kake komweko. Sindibisa, zinamupweteka, ndipo inenso zinandipweteka, chifukwa ndi ntchito ya miyezi imene munthu anaichita ndi mtima wonse popanda womutuma. Mbali ina ya mlanduwu ndi yathu akuluakulu. Tikanakhala kuti tinalemba kale papepala zilankhulo zololedwa, sakanayamba nkomwe mu C#, kapena akanabwera kudzakambirana asanalembe mzere woyamba. Lamulo linali m'mitu mwathu mokha, mwina olo m'mitumo munalibe.

Zomwe tinachita ndi Python

Python ndi imene tinaiganizira kwambiri chifukwa ndi yomwe tonse asanu timaidziwa ndipo ndi yomwe inatiluma. Tinaigawa pawiri. Python ya dongosolo, ya pa /usr/bin/python3, ndi ya Debian ndi tizipangizo tathu basi. Tathuto timagwiritsa ntchito malaibulale okhawo amene ali mu mapakeji a Debian, mzere woyamba timalemba njira yonse ya /usr/bin/python3 osati env imene imatola Python iliyonse yomwe yaipeza koyamba, ndipo timaonjezera -I kuti kasamatole zinthu za mu foda ya munthu. Izi zinachokera pa zomwe zinatichitikira zaka za m'mbuyomu, munthu wina atayendetsa sudo pip install, lamulo loikira malaibulale a Python ngati root, nkukweza laibulale imene chipangizo chathu cha ma apudeti chinkadalira, kompyuta nkusiya kulandira ma apudeti mwakachetechete kwa nthawi yaitali osadziwika. Kuyambira Debian 12 pip imakana yokha, imalemba externally-managed-environment, malinga ndi PEP 668, koma pali njira yoikakamizira ndipo anthu amaipeza pa intaneti mu mphindi imodzi.

Kwa a m'madipatimenti tinawauza chilungamo, kuti Python ya dongosolo idzasintha nthawi iliyonse tikakweza Debian ndipo sitikulonjeza kuti zanu zidzapulumuka. Poyamba tinkafuna kungowauza kuti gwiritsani ntchito venv, foda yapadera yosungira malaibulale a pulogalamu imodzi, koma titayesa tinaona kuti imeneyo ndi theka la mankhwala. Venv imalekanitsa malaibulale koma imalozabe ku Python ya dongosolo, nde 3.11 itachoka nkubwera 3.13 ma venv onse akale anaduka miyendo, malaibulale ali mu foda ya python3.11 pomwe amene akuwafuna akuyang'ana mu python3.13. Kasikiripiti kakang'ono si vuto, umangopanganso venv ngati unasunga mndandanda wa malaibulale. Koma pulogalamu yomwe ofesi yonse imadalira tinati ipite mu Flatpak, komwe imasankha runtime yake nkukhala nayo osatengera zomwe ife tachita pansi. Nakonso si kwaulere, runtime ya Flatpak yotchedwa freedesktop imatuluka chaka chilichonse mu Ogasiti ndipo imasamalidwa pafupifupi zaka ziwiri, choncho mwini pulogalamu amayenera kumasuntha nayo. Kusiyana kwake nkwakuti amasuntha pa nthawi yake, ndipo ikafa imafa yokha osagwetsa desikitopu.

Nde dengu lachitatu lija, la malonjezo, linatsala ndi zinthu ziwiri zokha, sh ya masikiripiti ang'onoang'ono ndi Flatpak. Ena anaona ngati tikuthawa udindo. Ine ndimaona kuti aka nkoyamba kulonjeza chinthu chomwe tingachisungedi.

Pomwe tafika

Tinalemba tsamba limodzi, lalifupi, lonena chilankhulo chilichonse ndi dengu lake ndi mayina awiri a anthu ochiyang'anira. Chopanda mayina awiri sichilowa. Tinathandiza madipatimenti kusamutsa timapulogalamu tawo, tina tinapezeka kuti palibenso amene amatigwiritsa ntchito nde tinangotisiya, tiwiri tinativuta kwambiri chifukwa tinkadalira cgi, ndipo kamodzi mwa ito tinachita kukalembanso kuyambira pachiyambi limodzi ndi mwini wake masana angapo. Mu seva yomangira tinaonjezera kuti mayeso a tizipangizo tathu aziyenda machenjezo a DeprecationWarning atasandutsidwa zolakwa, komanso aziyendanso pa Debian testing, Debian yotsatira imene idakakonzedwa, sabata iliyonse, kuti zonga imp zija tizizimva zikadali kutali.

Chipangizo cholembetsera chatsopano chikugwira ntchito. Chimachedwa pang'ono kutseguka poyerekeza ndi cha C# chija, mnyamatayo amandikumbutsa ndipo akunena zoona. Koma tsiku lina chinakana kulumikiza kompyuta ina ku netiweki iye ali pa tchuthi, mnzathu wina anatsegula fayilo, anapeza kuti dzina la khadi ya netiweki linali lamtundu womwe sitinauganizire, anakonza mizere itatu madzulo omwewo osamuimbira foni. Atabwerako ndinamuuza. Anagwedeza mutu, koma anati maganizo ake sanasinthe, akuonabe kuti lamulo la anthu awiri litsekereza timu yathu pa zomwe ikudziwa lero ndipo sitidzaphunzira chatsopano. Nkhawa imeneyo ndimaimva, ndipo ndilibe yankho lokwanira. Chomwe tagwirizana ndi chakuti Lachisanu lililonse masana iye ndi mnzathu amene amadziwa Rust uja azikhala limodzi ola limodzi, kuti pofika nthawi ya Debian 14 mwina Rust idzakhale ndi mayina awiri.

Ya akaunti ndiyo idakali pakati. Tinkafuna kusamutsa datebesi yawo kupita ku seva ya PostgreSQL kuti Java ichokeretu, ndipo LibreOffice imatha kulumikizana ndi PostgreSQL popanda Java. Matebulo anasamuka bwinobwino. Koma malipoti awo a kumapeto kwa mwezi anapangidwa ndi Report Builder, imene nayo imafuna Java, ndipo ndi ambiri, ena ali ndi masamu amene mayi mmodzi yekha wa mu ofesimo amawamvetsa. Tapangana nawo kuti tiziwatenga limodzilimodzi mwezi ukayamba, nthawi imene ntchito yawo imakhala yapepukirako, ndipo pakeji ya Java ikhalabe pa makompyuta awo mpaka lomaliza litasamuka.